Namwino Wobwera pa Njinga ya Mwamuna Wanga

Kande,
Nkhata Bay.
20 Julaye 2024

Okondedwa achemwali anga a Pilirani,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti mwendo wa amayi wasiya kuvuta. Kuno tili moyo. Mwera wawomba kwambiri chaka chino moti asodzi akungokhala kumtunda, choncho musadandaule kuti kaphukusi ka usipa kamene ndapatsira a Edson nkochepa. A Edsonwo ndi aphunzitsi anzanga, kwawo ndi ku Malomo, ndipo alonjeza kuti kalatayi aipereka m'manja mwanu, osati mwa munthu wina. Mudabwa kuti ndikulemberanji pamene foni ilipo. Nyumba yathu ilibe siling'i, mawu amadumpha khoma, komanso zina zimene ndikufuna kunena pakamwa pangandikanike.

Choyamba, muwauze amayi ndi amalume kuti ulendo uja wobwera kuno kudzakamba za banja langa auimitse. Ndikudziwa kuti ndine ndidawadzutsa. Ndine ndidakuimbirani ndikulira mwezi wa Meyi kuti alamu anu a Fiskani apeza mkazi wina ndipo apongozi anga ndiwo akukonza zonse. Inu mudati nditsegule maso, ndipo ndidatseguladi. Koma nkhani ija ndidakuuzani theka. Ndiloleni ndiyambe poyambira.

Mukukumbukira kuti apongozi anga, Ama NyaChirwa, adadwala mwezi wa Epulo. Chimene sindidakuuzeni nchakuti adadwala atangodya kwanga. Lidali Lolemba la Pasaka, ndidaphika mpunga ndi nyemba, adadya bwinobwino. Pofika mawa lake mimba idali itatupa ngati ng'oma, akusanza, kuchimbudzi osapita. Adawatengera ku boma, kumeneko adawatumiza ku Mzuzu, ndipo tsiku lomwelo adawachita opaleshoni. Ndidapempha kuti ndikawadikirire kuchipatala koma a Fiskani adati ine ndili ndi sukulu, adaitana mng'ono wao wa Ama wa ku Ruarwe. Adakhalako masabata atatu. Pobwera adali ataonda, akuyenda mowerama, chitenje atamangira m'mwamba pafupi ndi m'khwapa. Nditafunsa alamu anu adangoti, "Matumbo anapotana, awawongola." Basi.

Nyumba ya Ama ndi yathu zayang'anana, pakati mpabwalo chabe. Inu mukuwadziwa mayi aja, paja mudawaona paukwati. Kale ankalowa m'khitchini mwanga popanda odi, nkumavundukula mapoto, nkumandiuza kuti mbale sindidatsuke bwino. Zaka zinayi ndakhala ndikumva kuti akazi a kwathu ukhondo sitiudziwa. Koma atabwera ku Mzuzu, m'khitchini mwanga sadapondemonso. Pachitseko chao padabwera loko watsopano. Ndikapita kukasesa ankayankhira m'kati kuti, "Yewo mkamwana, ndasesa kale." Kuno mtengwa amamutcha choncho, mkamwana, ndipo yewo ndiye zikomo.

Kenaka chakudya changa chidayamba kubwerera. Ndikatumiza nyemba, zinkabwerera osakhudzidwa. Kabichi chimodzimodzi, mazira chimodzimodzi. Tsiku lina ndidawagulira chakumwa cha m'botolo chimene ankachikonda, adachipereka kwa ana a m'mudzi ine ndikuona. Ankangodya phala ndi kondowole wofewa, nsima ya chinangwa ija, wophika okha. Ndiye m'mawa wina pamjigo mayi wina adandifunsa akumwetulira, "Madamu, paja NyaChirwa anadwala atadya kwanu eti?" Achemwali, ndowa idatsala pang'ono kundipulumuka. Ndidati basi, anthuwa agwirizana kuti ndidawathirira mankhwala apongozi. Mlendo ndine, mwana m'nyumba muno mulibe, angandiikire kumbuyo ndani?

Pamenepo mpamene adatulukira namwino uja. Dzina lake ndi Lusizi, mtsikana wa ku Sanga, wosakwatiwa, wamtali, amagwira ntchito pachipatala chaching'ono chimene timapitako. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse masana, a Fiskani ankasiya ntchito yao ya nsomba nkukamutenga pa njinga yao yamoto. Akafika, Lusizi ankandipatsa moni waulemu, "Mwe uli, a madamu?" nkulowa kwa Ama ndi chikwama chake, chitseko nkutsekedwa. Ola lathunthu. Alamu anu ankakhala pakhonde ngati mlonda, ndikayandikira nkumandituma madzi akumwa. M'katimo ndinkamva kuseka. Ama amene sadasekepo nane chikwatiwire, ankaseka mpaka kutsokomola. Potuluka Lusizi ankanyamula nthochi kapena ufa, Ama nkumamuitana kuti mwana wanga.

Ndidawafunsa alamu anu kuti mtsikanayu akudzatani. Adati akudzatsuka bala. Ndidati, "Bala lanji losapola mwezi ndi theka? Anzathu obereka ndi mpeni pakatha masabata awiri amakhala akutunga madzi." Adangoti, "Enelesi, zina uzisiye." Munthu amene kale ankandiuza ngakhale za maloto ake.

Adayambanso kuyankhira foni pansi pa mtengo wa mango, akulankhula Chitonga chothamanga chimene amadziwa kuti sindingachigwire. Tsiku lina ali kubafa ndidatsegula foni yao. Ndidapeza uthenga wochokera kwa Lusizi wakuti, "Zafika. Mubwere ndi chikwama chachikulu anthu asaone." Ndidakopera nambala yake kuseri kwa buku langa la maphunziro. Mawa lake alamu anu adabweradi ndi katoni m'chikwama, nkukailowetsa kwa Ama mozemba.

Pali chinanso chimene ndikuchita nacho manyazi. Ndidazindikira kuti m'mamawa Ama ankapita kumalire a munda wa chinangwa ndi kajumbo kakuda ndi kakhasu. Tsiku lina atapita kukasamba ndidakafukula ndi kamtengo. Fungo lidandibweza ndisadamasule nkomwe. Inu mukudziwa zimene timamva kwathu za anthu okwirira zonyansa kuti banja la wina lithe. Ndidakwirira msangamsanga, ndipo kuyambira tsikulo njira imeneyo sindidadutsenso.

Tsopano, achemwali, khalani pansi. Chimene ndikulemba apa sadachimve munthu wa kwathu aliyense.

Pachipatala paja pali bokosi la madandaulo, lapachikidwa pafupi ndi pamene amayezera ana sikelo. Kumayambiriro kwa Juni ndidang'amba pepala pakati pa kope, ndidalemba ndi dzanja lamanzere kuti zilembo zisadziwike. Ndidalemba kuti namwino Lusizi amathawa ntchito nkumayenda panjinga ndi amuna a eni ake. Ndikadalekera pomwepo bwenzi pena ndikudzikhululukira. Koma ndidawonjezera kuti adatenga makatoni a katundu wa chipatala nkumagulitsa m'midzi. Umboni ndidalibe, koma ndidadziwa kuti nkhani ya chibwenzi angoiseka, pamene ya kuba sangaisiye. Ndidapita ngati wokapempha mankhwala a mutu, nkuponya.

Padangotha masiku anayi. Lachisanu a Fiskani adabwera okha, nkhope ili gwaa. Adati, "Pali munthu wa mtima woipa wamunamizira Lusizi. Amuletsa kuyendera odwala m'midzi, katundu wake amutsekera mu ofesi, akuti nkhani ipita ku boma." Ine ndidati, "Utsi sufuka popanda moto." Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adalowa kwa mayi ao.

Ndisakunamizeni, ndidakondwa. Masabata atatu ndidagona tulo. Sindidafune kuona kuti Ama asiyiratu kutuluka, kuti akuchapa nsalu kawiri patsiku nkumayanika m'nyumba, kuti m'nyumbamo mukutuluka utsi wa koilo ya udzudzu masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinkati akulira mtengwa wao watsopano.

Lachisanu pa 5 Julaye alamu anu adalawirira ku Mzuzu, adati akukafuna zitsulo za njinga. Ine ndidaweruka msanga. Ndikufika ndidapeza Ama atavala yunifomu ya Umanyano, gulu lija la amayi a mpingo limene kwathu timati Chigwirizano. Iwo ndi amene amalitsogolera kuno, ndipo tsikulo amayi ankapita kukapepesa kwa mnzao woferedwa, sakadatha kukananso. Kadali koyamba kuvala yunifomu chichokere ku Mzuzu. Adatuluka pang'onopang'ono. Ndisadamalize nkomwe kusintha zovala, ndidawaona pawindo akubwerera, akuyenda mwa changu chachilendo, Baibulo atalikanikiza pamimba. Bulauzi yoyera ija idali itada mbali ya kumanzere. Adalowa m'nyumba osakumbuka kukhoma, ndipo ndidamva kulira kwa munthu wotseka pakamwa ndi nsalu.

Sindidaodire. Ndidawapeza atakhala pansi atavula bulauzi. Pamimba, kumanzere kwa mchombo, padali kanthu kofiira, konyowa, kotukuka ngati tomato wamng'ono, ndipo chimbudzi chinkatulukira pamenepo. Adali atamatapo pepala la shuga ndi selotepi, ndiye lidamatuka. Khungu lonse lozungulira lidali litasupuka ngati lapsa ndi phala.

Ndidakuwa, "Mayo ine, matumbo atuluka!"

Iwo adati, "Chete! Tsekani chitseko. Sanatuluke lero. Anatulutsa ndi madokotala."

Ndidatseka. Adafuna kudziphimba koma manja adali oipa, adangowasiya m'mwamba ngati mwana. Adati, "Mwaona tsopano, mkamwana. Pitani mukauze anthu."

Ndidagwada pambali pao. Adandifotokozera m'Chichewa chao chosakaniza chija kuti matumbo atapotana, mbali ina idafa, madokotala adaidula, ndipo mbali yamoyo adaitulutsira pamimba kuti chimbudzi chizidutsa pamenepo nkumagwera m'kathumba komata pakhungu. Achipatala kabowoko amati sitoma. Timatumba timeneto ndi timene tidali m'makatoni aja. Sitidali ta chipatala chathu ayi; Lusizi ankachita kupempha kwa namwino mnzake wa ku Mzuzu amene amayang'anira odwala otere. Zimene ankakwirira kumunda ndi timatumba totha ntchito, poopa kuti tikaponyedwa m'chimbudzi wina ationa. Nyemba, kabichi, mazira ndi zakumwa za m'botolo ankabweza chifukwa zimadzaza kathumba ndi mpweya, kamafufuma, nthawi zina nkulira pagulu.

Ndidafunsa, "Nanga Ama, osandiuza bwanji?"

Adati, "Ine ndimaphika pa maukwati ndi pa maliro. Adzadya ndani chakudya cha munthu woyenda ndi chimbudzi pamimba? Ndiye inu. Zaka zonsezi ndakhala ndikukunenani za ukhondo. Ndikanakuonetsani ndi nkhope yanji? Fiskani ndinamulumbiritsa. Iye ndi mwamuna, sangandigwire. Ndinatsala ndi mwana uja yekha."

Kenaka adanena mawu amene adandilasa. Adati, "Ndipo mwana uja ndamupachika ndine. Anamufunsa kuti katundu umapititsa kwa ndani, anakana kutchula dzina langa popanda chilolezo. Ananditumira uthenga kawiri kuti ndimulole, ine ndinakana, chifukwa mkulu wa pachipatala paja timapemphera naye limodzi. Mulungu akundilanga."

Achemwali, pamenepo mpamene ndikadaulula. Ndidatsegula pakamwa, koma chimene chidatuluka nchakuti, "Dikirani nditenthetse madzi."

Nambala imene ndidaba m'foni ija ndi imene idatipulumutsa. Nditamuimbira, Lusizi sadandifunse kuti ndaitenga kuti. Adati nditsuke ndi madzi ofunda okhaokha ndi kansalu kofewa, ndisatikite, ndisapake sopo kapena mafuta alionse, ndipo ndisiye pamtunda kuti mphepo ipitepo. Adati, "Panjinga sindingabwere, anandiletsa. Koma nthawi ya nkhomaliro ndi yanga." Adabwera wapansi, atavala chitenje ngati wopita kumsika, thukuta lili kamukamu. M'thumba la zipi adali ndi timatumba tiwiri timene adapempha kwa bambo wina wa ku Mpamba amene nayenso ali ndi sitoma.

Ataona khungu lija adangopuma mozama, osadzudzula munthu. Adati, "A madamu, sambani m'manja, mukhale apa. Lero mugwira ndinu, ine ndingoyang'ana." Ndidati ndikuopa kuwapweteka. Adati, "Pofiirapo sipamva kuwawa, gwirani muone. Pamene pakuwawa ndi pakhungupa." Adatulutsa kakhadi kokhala ndi mabowo a misinkhu yosiyanasiyana, tidayeza, ndipo tidapeza kuti sitoma idachepa kusiyana ndi poyamba. Akuti zimatero m'miyezi yoyambirira. Ama ankadulabe bowo la kathumba pa msinkhu wakale, ndiye chimbudzi chinkakhudza khungu; timatumba titatha, pepala la shuga lidangomalizitsa. Adandionetsa kuthira kaufa koumitsa pachilonda nkupukuta kotsala, kudula bowo ndi kalumo kokhota kuti likwane ndendende, kufunditsa chomatira m'manja, ndi kumata kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba. Potsiriza adatenga dzanja langa nkuliika pamwamba pa kathumba, pamimba pa apongozi anga. Adati, "Musachotse. Werengani mpaka sikisite, kutentha kwa dzanja ndi kumene kumagwiritsa." Ndidawerenga chamumtima. Ama adayang'ana kudenga, ine pansi.

Adatisiyira malangizo: kukhuthula kathumba kasadafike theka, kumwa madzi ambiri, kutafuna bwino, osanyamula ndowa kapena mtolo wa chinangwa. Adati pofiira paja pakadzada, kapena tsiku likadzatha osatuluka kanthu uku akusanza, tisadzadikire mawa. Kenaka adauza Ama m'Chitonga zinthu zimene zidawaseketsa misozi ili m'masaya. Nditamufunsa adati wawauza kuti bambo wa ku Mpamba uja amapalasa bwato ndipo amaimba kwaya, palibe amadziwa. Kuseka kumene ndinkakumva kuseri kwa chitseko kudali kumeneko.

A Fiskani adabwera madzulo ndi timatumba tisanu, zitsulo za njinga alibe. Atandipeza ndikuchapa yunifomu ya mayi ao adaima pakhomo nkunena kuti, "Pepa, Enelesi. Ndinalumbira." Munthu kundipepesa ine.

Lolemba m'mawa Ama adavala bwino nkunena kuti ndiwaperekeze kuchipatala. Tidalowa mu ofesi ya mkulu uja, Lusizi adaitanidwa. Ama sadazungulire. Adauza bamboyo kuti, "Ada, mumafuna kudziwa kumene katundu amapita. Ndi kuno." Adakweza bulauzi. Bambo aja adayang'ana kumbali, adapepesa, adati za m'ofesi muno zithera momwemo. Adatulutsa m'kabati katoni ya timatumba imene adamulanda Lusizi nkuibweza, ndipo adati alembera ku boma kuti nkhani yatha. Ndidayamba kupuma. Koma adatsegulanso dirowa nkuika kapepala patebulo. Adati, "Chinayambitsa zonse ndi ichi."

Pepala langa, achemwali. Ndi m'mene ndidalipindira.

Ama adalitenga, adalitembenuza, adati magalasi aiwala kunyumba. Kenaka adandipatsa. "Mkamwana, inu ndinu aphunzitsi. Tiwerengereni timve."

Ndidawerenga. Mawu anga omwe, ndi pakamwa panga, pamaso pa mtsikana amene ndidamutcha wakuba. Nditamaliza Ama adati, "Mmm. Wolembayu anali ndi chilonda chake." Mpaka lero sindikudziwa ngati magalasi aja adawaiwaladi, chifukwa titafika kunyumba ndidawaona akuwatulutsa m'kachikwama komwe adanyamula. Mwina sadawaone. Mwina.

Lachisanu lotsatira Lusizi adabwera monga kale, adayang'ana khungu, adati likupola bwino. Pochoka adauza a Fiskani kuti asalize njinga, akufuna kuwongola miyendo, ine ndimuperekeze mpaka kumsewu. Titadutsa munda wa chinangwa adaima.

Adati, "A madamu, kuno munthu akafuna kudandaula amalemba Chitonga kapena Chingerezi. Chichewa chonena kuti adatenga, adapita, osati anatenga, anapita, ndi cha kwanu. Ndinaganiza tsiku lomwe anandionetsa, koma ndinati mwina ndikulakwa. Ndiye zilembo zokhotakhota zija abwana anga anavutika nazo theka la ola. Inu munawerenga ngati Atate Wathu."

Ndidagwada panjira pomwepo. Adati, "Dzukani, anthu aona." Ndidamuuza zonse, za njinga, za uthenga wa m'foni, za kusowa kwa mwana m'nyumba mwanga. Adamvetsera mpaka kumapeto.

Adati, "Za chibwenzizo ndikanakumvetsani, nanenso ndine mkazi. Mukanabwera kudzanditukwana pamaso. Koma za kuba. Amayi anga ku Sanga masabata atatu sanapite kutchalitchi chifukwa cha mbiri imeneyo. Ntchito iyi ndinaiphunzira movutika."

Ndidati andikhululukire. Adati, "Musandifulumizitse. Kunena sindinena kwa munthu, ife ntchito yathu ndi kusunga za anthu. Koma amuna anu akuyenda akuloza anthu osalakwa, dzulo amatchula mayi wina wogulitsa mandasi pachipatala. Muwauze nokha." Adayenda pang'ono, nkutembenuka. "Lachiwiri mudzadule nokha bowo, ine sindidzagwira lumo. Ama akufunika munthu wa pakhomo, osati wobwera panjinga."

Ndi m'mene zilili. Tsopano kathumba ndimasintha ndine, masiku atatu alionse, m'mamawa asadadye chifukwa nthawi imeneyo m'mimba mumakhala bata. Chakudya changa ayamba kudya. Nyemba ndimazichotsa makoko nkuzipota, ndipo timayesa pang'onopang'ono kuti tione zimene mimba ikulola. Lamulungu lapitali adapita kutchalitchi, ine nditakhala pambali pao ndi kachikwama ka zosinthira pamwendo. Adaimba nyimbo zonse. Madokotala a ku Mzuzu akuti akawaonenso mu Okutobala, mwina nkutheka kulumikizanso matumbo, koma sadalonjeze. Ama anena kale kuti wokawadikirira ndidzakhala ine, a ku Ruarwe asavutike.

Musaganize kuti ndasanduka mngelo. Kamtima kaja sikadafe. Lachiwiri lomweli ndidaona alamu anu akuseka ndi Lusizi polizitsa njinga, nsanje idandigwira monga kale. Ndipo tsopano ndili ndi matenda ena: aliyense akandiyang'ana ndimati wadziwa. Ama akakhala chete ndimati akundiweruza, akandiyamika ndimati akundiyesa. A Fiskani akanena kuti tsiku limene adzamugwire wolemba kalata uja sadzamupatsanso moni mpaka imfa, ndimayang'ana m'mbale.

Ndili ndi zopempha zitatu. Choyamba, mundigulire mamita awiri a nsalu yofewa ya thonje, yonga ija mudasokera matewera a mwana wanu wotsiriza, mupatsire a Edson pobwerera. Ndikufuna kusoka timajasi tovekera kathumba, chifukwa kukatentha pulasitiki imawayabwa. Chachiwiri, za matenda a Ama zithere m'maso mwanu. Ndakuuzani chifukwa popanda zimenezo simukadamvetsa tchimo langa, koma si zanga zoti ndigawe. Amayi mungowauza kuti Enelesi adaona molakwa ndipo banja lili bwino. Chachitatu, mundipempherere mawa. Ndatsimikiza kuti tikabwera kutchalitchi ndiwauza alamu anu. Sindikudziwa kuti adzati chiyani. Ngati mudzandiona ndikutsika minibasi pa Ntchisi ndi chikwama tchuthi chino, musadzandifunse pamsewu, mudzangondilandira katundu. Koma ndingakonde kuti ndisabwere, chifukwa Lolemba ndi tsiku losintha kathumba.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze asamapite kudimba mwendo usadapole. Moni kwa amalume, ndipo muwapepese chifukwa cha nkhuku imene adagulitsa pokonzekera ulendo. Moni kwa alamu ndi ana onse, aliyense ndi dzina lake. A Fiskani akupereka moni, sakudziwa zimene zili m'kalatayi.

Ama nawonso akupereka moni. Adandipeza ndikulemba pakhonde masana ano, adafunsa kuti ndikulembera yani. Nditawauza adati, "Muwapatse moni a kwanu onse. Muwauze amayi anu kuti dzanja la mwana wao ndalidziwa." Adandigwira paphewa nkupita kukayanika chinangwa. Sindikudziwa ngati amanena dzanja losambitsa kapena dzanja lolemba, ndipo ndidaopa kufunsa. Koma paphewa adagwira mofatsa.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Enelesi